Tisitima tanga si tidoli, mphwanga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndimuyankhe mphwanga wa ku Balaka kudzera m'nyuzipepala yanu, poti pafoni sitimvana, amangofa nazo nseko. Mwezi watha ananditumizira kanema wa sitima ya malasha ikudutsa pa Nkaya, ija imachokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, mitu ingapo ikukoka mabogi osatha kuwawerenga. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, sitima ndi iyi, osati tidoli tanu tija." Tidoli akunenato ndi tisitima tamagetsi timene ndimayendetsa m'galaja mwanga kuno ku Leicester chipumireni pantchito. Ine ndinangomufunsa kuti mitu imeneyo imamvana bwanji kuti wina usamakokane ndi unzake. Mpaka lero ali zii.

Funso limenelo ndi limene ine linali litandidyera kale miyezi iwiri ya chisanu.

Tisitima tanga ndi ta muyeso wa OO, wofala kuno ku Britain, kutanthauza kuti sitima yeniyeni aichepetsa ka 76, ndipo njanji zake n'zotalikirana mamilimita 16.5. Kale ukawonjezera magetsi panjanji, chilichonse chimene chili pamenepo chinkanyamuka. Masiku ano timagwiritsa ntchito DCC, njira imene inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, ndipo bungwe la NMRA la ku America linaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1990 kuti opanga onse aziitsata. Magetsi amakhala panjanji nthawi zonse, malamulo amayenda momwemo, ndipo mutu uliwonse uli ndi kachipangizo kotchedwa decoder kamene kamamva nambala yake yokha. Ukaitana 37, wa 47 umangokhala duu. Watsopano umabwera ndi nambala 3.

Tsono kuti mitu iwiri iyende ngati sitima imodzi, waulesi amangoipatsa nambala yofanana. Zimatheka, koma ukafuna kuisiyanitsa uyambirenso kulemba manambala. Ena amasiyira bokosi lolamulira kuti lizikumbukira lokha kuti uwu uli ndi uwu. Ine ndinasankha kulemba m'kati mwa decoder momwemo, pa malo otchedwa CV19. Pamenepo umaika nambala ya gulu, kuyambira 1 mpaka 127, ndipo mitu yonse ya m'gululo imamvera nambala imeneyo. Koma pali kamsampha. Mutu ukayang'ana kumbuyo, uyenera kuwonjezera 128. Gulu langa linali 10, choncho wachiwiri unkafunika 138. Ine ndinalemba 10 konse konse. Nditapotokola kachitsulo ka liwiro, wina unalunjika kuchitseko, wina kuzenera, magudumu akungopala njanji, kulira ngati njuchi zatsekeredwa m'botolo. Mayi a kunyumba anasuzumira n'kufunsa ngati ndayamba kuwotcherera zitsulo.

Nditakonza zimenezo ndinkayesa ndamaliza. Ayi ndithu, ntchito inali isanayambe. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti kumanga ng'ombe ziwiri pa goli sikuvuta, chovuta ndi pamene ina ili yothamanga, inzake yaulesi. Ngolo imapita kutchire. Mitu yanga inali ya makampani awiri osiyana, ndipo ngakhale ndiipatse lamulo la liwiro lomwelo, wina unkasiya unzake. Yolumikizidwa, wakumbuyo unkakankha wakutsogolo, pokhota mabogi n'kugwa.

Mkulu wina wa ku kalabu yathu ya okonda tisitima, amene anagwirapo ntchito kunjanji ali mnyamata, ndiye anandionetsa njira. Osailumikiza. Uiike panjanji yozungulira, pakati pake usiye mpata wa chikhatho chimodzi, uiyendetse, maso ali pa mpatawo. Ukamachepa, wakumbuyo wathamanga. Ukamakula, watsalira. Kenaka umasintha CV2, mphamvu yonyamukira, CV5 ya liwiro lapamwamba, ndi CV6 ya pakati, pang'onopang'ono ngati kuthira mchere m'ndiwo. CV3 ndi CV4 nazonso zifanane, chifukwa ndi zimene zimanena kuti mutu uzichedwa bwanji kukwera liwiro ndi kuima. Anandilangizanso kuti wothamangawo ndiye uchepetsedwe, popeza waulesi sungaupatse mphamvu imene ulibe. Ndinadzaza masamba asanu ndi limodzi a kope ndi manambala, tiyi akuzizira pawindo. Usiku umene mpata uja unakhala chimodzimodzi maulendo khumi ozungulira, ndinaimirira ndekha m'galajamo n'kuwomba m'manja.

China chimene sindidzaiwala n'chakuti patapita sabata ndinatenga mutu umodzi kuti uyende wokha, ndinaitana nambala yake, koma sunasunthe. Nyali zikuyaka, wokha uli njo. Ndinafika potsegula chikwama kuti ndigule decoder ina, ndisanakumbukire kuti CV19 ikadali pa 138. Ukapanda kuibwezera pa 0, mutuwo umadziyesabe uli m'gulu, ndipo za liwiro umamvera nambala ya gulu basi.

Sindikunena kuti galaja yanga ndi Nkaya. Kumeneko kuli miyoyo ya anthu ndi katundu wolemera, kwanga chikalakwika ndimangotola bogi ndi zala ziwiri. Koma mfundo yoti dalaivala mmodzi alamule mitu yambiri ndipo yonse ikoke mofanana ndi yomweyo, ndipo ine ndinaimvetsa ndi manja angawa.

Choncho mphwanga, ukadzapitanso pa Nkaya, usangojambula. Uwerenge mitu, uone kuti ndi ingati yayang'ana kumbuyo, ndiponso ngati yonse ili kutsogolo kapena ina ili pakati pa mabogi. Undilembere, ndikufuna ndikonze yanga chimodzimodzi Khirisimasi isanafike.

Ine wowerenga wanu,
Mwana wa ku Balaka, Leicester