Zigoba za nkhanu zingapulumutse matimati athu

Akonzi,

Mayi a kunyumba kwanga amagulitsa matimati pa Lizulu. Sabata yatha tinakataya kudzala dengu lathunthu, onse ali phwetete, ntchentche zili ng'waa. Mtima unandiwawa kwambiri.

Ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndinene ichi. M'zigoba za nkhanu muli chinthu chozilimbitsa chotchedwa chitin, chimene chikakonzedwa chimasanduka mankhwala otchedwa chitosan. Matimati akaviikidwa m'madzi a chitosan amachedwa kuola chifukwa nkhungu siimera msanga.

Kumayiko a m'mbali mwa nyanja zamchere, ofufuza amatenga zigoba zotsala m'mafakitale, kuziika m'madzi n'kuziwomba ndi ultrasound. Limeneli ndi phokoso lonjenjemera koposa ka 20,000 pa sekondi, khutu lathu silimva, pachibale ndi sikani ya amayi oyembekezera ija. Limapanga tithovu tomwe timaphulika mwamphamvu n'kumasula chigobacho, motero chitin amapatuka msanga.

Nkhanu m'mitsinje mwathu zilimo. Ana amawotcha, zigoba n'kutaya paphulusa. N'zochepa, ndikuvomera. Koma akatswiri a za nsomba ku Bunda sangayeseko, ngakhale ndi zigoba zochokera ku Beira? Dengu loyamba loyesera ndidzapereka ine, ulere.

Mphunzitsi wopuma,
Lizulu, Ntcheu