Kagalu kopulumutsidwa tikalere mofatsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi anzanga okhala mumzinda wa Lilongwe amene akuganiza zokhala ndi galu pakhomo, makamaka iwo amene asankha kulera kagalu kotoledwa mumsewu kapena kolandidwa kwa anthu amene ankakazunza. Kuno kwathu ku Area 25 ndaona mabanja akutenga tiagalu totere ndi mtima wabwino ndithu, koma pakangopita kanthawi mumapeza galu uja ali m'bokosi lamatabwa kuseri kwa nyumba, akulira tsiku lonse, eni ake akudandaula kuti galuyo ndi wopusa ndipo samva. Chimene chimamuvuta galu wotere nthawi zambiri ndi mantha, ndipo njira zolerera agalu zimene ambirife tinakula tikuziona zimangokulitsa manthawo.

Aliyense woyenda m'misewu ikuluikulu ya mzinda uno waonapo anyamata atanyamula tiagalu m'mwamba, akutionetsa kwa a m'magalimoto, ngakhale padzuwa loswa mtengo la mu Okutobala, topanda madzi komanso mthunzi. Tambiri mwa tiagalu timeneti timachotsedwa kwa make tisanakwanitse masabata 8, pamene mpomwe kagalu kamakhala kataleka kuyamwa bwinobwino ndi kuphunzira kwa abale ake kuti kuluma kumapweteka. Wogula chifukwa cha chisoni amapulumutsa kamodzi, koma ndalama yake ndi imene imabweretsa tiagalu tina pamsewu mawa lake. Mumzinda muno muli bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA, limene lakhala likugwira ntchito kuyambira m'chaka cha 2008, ndipo limalandira agalu ndi amphaka otayidwa kapena ozunzidwa, kuwachiza, kuwabaya katemera ndi kuwapezera mabanja atsopano. Wofuna galu ayambire kumalo ngati amenewa. Asakhumudwe akamufunsa ngati ali ndi mpanda, ngati pakhomo pali ana ndiponso amene amatsala pakhomo masana, chifukwa mafunso amenewa cholinga chake n'chakuti galuyo asadzatayidwenso kachiwiri.

Masiku oyamba pakhomo ndi amene ndikufuna titsindikepo kwambiri, pakuti m'mera mpoyamba. Kagalu kamene tikulera kwathu katangofika, kanakalowa kuseri kwa thumba la makala pakhonde n'kukhala momwemo. Sikankadya munthu akamakayang'ana, ndipo wina akangogwira tsache kuti asese, kankagona pansi mchira uli pakati pa miyendo, n'kudzikodzera. Palibe anatiuza mbiri yake yonse, koma tsachelo linatidziwitsa kuti kanamenyedwapo. Tinkaika mbale ya chakudya ndi ya madzi pafupi ndi pomwe kabisala, munthu mmodzi n'kukhala pansi chapatali, atatembenukira kumbali, osakaitana kapena kutambasula dzanja. Ana tinawaletsa kukanyamula ndi kuitana anzawo kuti adzakaone. Kanayamba kutuluka kokha, choyamba kudzanunkhiza mapazi, kenako kudzadya usipa m'dzanja, ndipo kuchokera pamenepo mpamene maphunziro ena onse anatheka. Kagalu kotere kali ngati mwana wamasiye amene wangobwera kudzakhala kwa achibale a m'tauni, amene sayamba kumasuka mpaka ataona kuti chakudya chimabwera pa nthawi yake ndiponso kuti palibe womukalipira popanda chifukwa.

Pa nthawi yomweyi, kagaluko kaonedwe ndi dokotala wa ziweto ngakhale kakuoneka kathanzi. Matenda a parvo, amene amachititsa kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, amapha tiagalu m'masiku ochepa, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri, choncho pakhomo pamene panafera kagalu kena ndi matendawa si poti n'kubweretsapo kena kosabayidwa. Katemera woteteza ku parvo ndi ku matenda ena oopsa a agalu otchedwa distemper amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, ndipo amabwerezedwa pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kafike masabata 16. Jekeseni imodzi yokha sikwanira, ndipo mabanja ambiri amataya tiagalu tawo chifukwa chosabwerera kukamalizitsa. Mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi a utitiri nawonso ndi ofunika, pakuti nkhupakupa zimapereka matenda amene amathetsa magazi, moti nkhama za galu zimayera ndipo amangogona osadya. Nyengo ya mvula pamabweranso vuto la mphutsi zolowa m'khungu, zochokera ku ntchentche imene imaikira mazira m'dothi lonunkha mkodzo ndi pa nsanza zonyowa. Ichi n'chifukwa chake pogona pa kagalu payenera kukhala pouma, posesedwa, ndipo chiguduli chake chizichapidwa ndi kuumitsidwa bwino.

Katemera wa chiwewe ndiye sitingamunyengerere, chifukwa nkhani yake imakhudza moyo wa ana athu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuonekera mwa munthu, kuchira kumakhala kulibe. Kagalu kamabayidwa katemerayu kakafika miyezi itatu, ndipo amabwerezedwa monga momwe a zaziweto angalangizire. Chiphaso chake chisungidwe bwino, pakuti tsiku limene galu wanu adzakande mwana wa aneba, chiphasocho n'chimene chidzafunsidwe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa za chakudya ndingonena mwachidule kuti nsima yokha kapena madeya okha sizingakulitse kagalu. Pakhale bonya, usipa, dzira lophika kapena tizidutswa ta nyama, katatu kapena kanayi patsiku pamene kali kakang'ono, ndipo madzi asamasowe m'mbale. Mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kubaya m'matumbo, ndipo ndiwo za anyezi wambiri zimawononga magazi a galu.

Kuphunzitsa kwenikweni si kovuta monga momwe anthu amaganizira, koma kumafuna kuti banja lonse ligwirizane. Galu amabwereza chimene chamubweretsera zabwino, ndipo amalumikiza mphotho ndi chimene wachita pa mphindi yomweyo, osati chimene anachita ola lapitalo. Mukafuna kuti kagalu kaphunzire kubwera, tchulani dzina lake ndi mawu amodzi akuti "bwera", ndipo kakangofika kapatseni kausipa n'kukasisita. Musadzakaitane kuti mukalange, chifukwa kadzaphunzira kuti kubwera kwa inu n'koopsa, ndipo tsiku limene geti lidzasiyidwe lotsekula, kadzathamangira kumsewu inu mukukuwa. Kuti kakhale pansi, kwezani chakudya pang'onopang'ono pamwamba pa mphuno yake kulowera kumsana; mutu ukapenya kumwamba, matako amatsika okha, ndipo pamenepo mpamene mumanena kuti "khala" n'kupereka mphotho. Mphindi zisanu zokha, kangapo patsiku, zimapindula kuposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Bambo, mayi, ana, mtsikana wantchito ndi mlonda onse agwiritse ntchito mawu ofanana, pakuti wina akamati "tsika", wina "choka", wina n'kumakalola kukwera pampando, kagalu sikangadziwe lamulo la pakhomopo.

Za chimbudzi nazonso zimayenda ndi ndondomeko. Kagalu kamafuna kudzithandiza kakangodzuka, kakangodya ndi kakamaliza kusewera, choncho pa nthawi zimenezi katengereni pamalo amodzi omwewo a kuseri, ndipo kakachita pomwepo kayamikireni. Kukanyika mphuno m'mkodzo wake sikukaphunzitsa kanthu kupatula kubisala pochita. Pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi mano aubwana amagwa ndipo nkhama zimanyerenyesa, n'chifukwa chake kamatafuna masilipasi ndi zovala za pachingwe. Chotsani zinthuzo pafupi, n'kukapatsa chingwe chokhuthala chomangidwa mfundo kuti kazitafuna. Kadakali kakang'ono kazolowerenso mofatsa zinthu zimene kadzakhale nazo moyo wake wonse, monga ana, nkhuku, njinga zamoto za kabaza, alendo ndi chingwe cha pakhosi, koma kuyenda nako m'misewu kudikire katemera athe.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba kalatayi. Pali chikhulupiriro chofala chakuti galu amakhala mlonda wabwino akamatsekeredwa m'bokosi tsiku lonse osaona anthu, akamathiriridwa tsabola m'chakudya, ena mpaka chamba, ndiponso akamamenyedwa kuti akhale wolusa. Ndikumvetsa chimene chimachititsa anthu kutero, pakuti umbava ulipodi m'madera mwathu ndipo palibe amene safuna kugona mwamtendere. Koma galu woleredwa motero sasiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzatola mpira umene wagwera mumpanda, chifukwa kwa iye munthu aliyense ndi woopsa. Tsabola amangomupweteka m'kamwa ndi m'mimba, ndipo chamba chimamudwalitsa. Kwa kagalu kamene kanazunzidwa kale, kuchita zimenezi n'kukatsimikizira kuti pakhomo patsopanopa palibe kusiyana ndi komwe kachokera, ndipo mathero ake amakhala galu wothawa aliyense kapena woluma mosachenjeza.

Ntchito yaikulu ya galu wa pakhomo usiku ndi kuuwa kuti eni nyumba adzuke, ndipo izi amazichita yekha akamakula n'kuyamba kuona mpandawo ngati kwawo. Galu wodya bwino, woyenda momasuka mumpanda, wodziwa anthu a pakhomopo mmodzimmodzi, ndi amene amazindikira msanga phazi lachilendo. Ngakhale kudzuma kwake, pamene akuonetsa mano, si chinthu chomumenyera, pakuti ndi chenjezo lakuti wafika pothina. Mukamuletsa kuchenjeza ndi ndodo, tsiku lina adzangoluma. Ana aphunzitsidwe kusamusokoneza galu akamadya kapena akagona, ndipo mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale wofatsa chotani.

Ambiri amakananso kufula galu wamwamuna kapena kutseketsa wamkazi kuti asabereke, poopa kuti adzakhala waulesi. Galu wofulidwa amauwa monga kale, ndipo amachepetsa kudumpha mpanda usiku kutsatira agalu aakazi, kumene amakalumana ndi agalu osabayidwa ndi kutengako chotupa cha kumaliseche chimene agalu amapatsirana pokwerana. Galu wamkazi amatha kutenga bere kawiri pachaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo ana amene mwini wake walephera kuwasamalira ndi omwe aja timawapeza m'makatoni m'mbali mwa msewu.

Ife okhala m'nyumba za lendi tiganizirenso kuti galu amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 10. Tifunse eni nyumba tisanamubweretse, ndipo posamuka tisamusiye pageti la nyumba yakale poyembekezera kuti olowamo atsopano adzamudyetsa, chifukwa agalu ambiri oyendayenda m'misika ndi m'malo otayira zinyalala anayamba motero.

Ndikupempha khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi apolisi kuti aike mtima pa malonda a tiagalu a m'misewu, popeza lamulo loteteza nyama ku nkhanza lilipo kale m'dziko muno. Kwa inu a Mkonzi, pempho langa ndi lakuti nthawi iliyonse imene a zaziweto kapena a LSPCA akonza zobaya agalu katemera wa chiwewe m'madera monga Kawale, Chinsapo, Mtandire ndi Area 36, muzilengeza masiku ndi malo ake m'Chichewa, nthawi ikadalipo, osadikira tsiku lokumbukira matendawa la pa 28 Sepitembala lokha, kuti amene tikulera tiagalu tithe kukonzekera kupita nato.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe