Banyira sapatsa wongodutsa pakhonde

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amalonda anzanga ang'onoang'ono kuno ku Chigwa cha Shire, makamaka amene ayamba kusindikiza timphatso tolembedwa dzina la shopu pofuna kukopa makasitomala. Ine ndimagulitsa mankhwala a ziweto ndi mbewu pa Ngabu, ndipo zimene ndikunenazi ndinaziphunzira ndalama zanga zitapita kale.

Kumapeto kwa 2022 ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre kukasindikiza makalendala 200. Anali okongola, okhala ndi chithunzi cha ng'ombe yonenepa, dzina la shopu pansi. Tsiku la msika ndinaimirira pakhonde n'kumagawira aliyense wodutsa, ndi ana asukulu omwe. Sabata isanathe ndinapita kukagula usipa, ndipo mayi wogulitsayo anandikulungira m'tsamba la kalendala yanga yomwe. Mtima unandipweteka. Ena anakutira makope. Ochepa amene anawasunga anakawapachika kuchipinda, kumene mlendo salowa. Otsala m'katoni ananyowa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Malemu mayi anga ankagulitsa tomato, ndipo banyira ankamudziwa bwino. Sankapatsa wongodutsa. Ankayamba aona kuti munthu wagula milu iwiri, ndiye n'kuponyamo tomato mmodzi m'mbale mwake akumuyang'ana m'maso, amvekere, "Mubwerenso mawa." Mphatso ya shopu ndi banyira yemweyo, kungoti walembedwa dzina. Ine ndinaiwala zimenezi chifukwa chotengeka ndi zimene amachita makampani akuluakulu, omwe ali ndi thumba loti n'kumwaza.

Chaka chotsatira ndinasintha. Ndinadzifunsa kuti, kodi munthu wa kuno amasowa chiyani tsiku ndi tsiku? Yankho ndi mthunzi. Amene anakhalapo pa Ngabu kapena pa Bangula mu Okotobala akudziwa kuti dzuwa la kuno silinyengerera. Ndinagula maambulera khumi ndi awiri okha, akuluakulu, n'kulembetsa dzina la shopu, nambala ya foni ndi mawu amodzi a Chisena akuti "Takhuta", kutanthauza kuti zikomo. Ndinapatsa amayi ogulitsa masamba m'mphepete mwa msewu wa M1, amene amagula kwa ine mbewu ya mpiru ndi tomato. Maambulerawo amatambasulidwa m'mawa uliwonse, ndipo aliyense wotsika basi amawaona. Kenako ndinagula zipewa zochepa za anyamata a kabaza omwe amanyamula alimi kuchokera kumidzi. Mlimi akafunsa kogula mankhwala a nkhupakupa, wakabaza amangomutsitsa pakhomo panga.

Pa nkhani ya mtundu wa nsalu muchenjere. Kuno mtundu uliwonse uli ndi eni ake: wabuluu ndi wa DPP, wachikasu wa UDF, wa olenje wa PP, ofiira, wobiriwira ndi wakuda mumadziwa kale kuti ndi tambala wakuda. Kasitomala savala chipewa chomwe chingamuyambanitse ndi anzake. Ine ndinasankha khaki.

Koma mphatso imene yandibweretsera anthu ambiri ndi yotsika mtengo kuposa zonsezi. Ndi kakhadi kakang'ono kokutidwa ndi pulasitiki, kokwana m'thumba la malaya. Mbali imodzi kali ndi nambala yanga. Mbali inayo ndimalembapo ndi maka tsiku limene mlimi watemera nkhuku zake ndi tsiku loti adzatemerenso. Katemera wa chitopa wa I-2, uja wodonthezera m'diso, amafunika kubwereza pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo anthu ambiri amaiwala mpaka nkhuku zitayamba kuwodzera. Gogo wina wa kumudzi amabwera ndi khadi lake litakulungidwa pakona ya chitenje pamodzi ndi ndalama. Amalimasula pang'onopang'ono, n'kuliika pakauntala, amvekere, "Mwanangu, tawerenga, tsiku lakwana?" Gogoyu anabweretsanso apongozi ake ndi anansi awiri, aliyense akufuna lake.

Nthawi yogawa nayo ndi yofunika. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusindikiza kunakwera mtengo kwambiri, choncho sindingagawe chaka chonse. Ndimadikira nyengo yogulitsa thonje, alimi ali ndi kangachepe m'thumba, komanso masiku olandira malipiro kwa ogwira ntchito kumunda wa nzimbe ku Nchalo. Ndimasunganso kope lolembamo amene ndampatsa ndi amene wabweranso, kuti ndidziwe mphatso yoti ndisiye.

Ndipemphenso osindikiza athu kuti azilola maoda ang'onoang'ono. Ambiri amakana mukafuna zinthu makumi awiri, amati ziyambire pa zana. Wamalonda wa pa Ngabu sangakwere Thabwa mpaka ku Blantyre kukatenga katundu woti theka lake likaolera m'katoni. Atapezeka wosindikiza wodalirika pa Nchalo kapena pa Dyeratu, ine ndikhala woyamba kukaima pakhomo pake.

Ndine wanu,
Mayi wogulitsa mankhwala a ziweto,
Ngabu, Chikwawa