Kalata yochokera ku Atlanta, patatha sabata chiluzireni Super Bowl

Atlanta, Georgia
12 February 2017

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti mvula ikugwa mokomera chimanga. Uthenga wanu wa pa WhatsApp, wofunsa kuti chili kuti chikho chimene ndinakudzutsirani m'bandakucha chija, ndinauona Lolemba lomwelo, koma sindinauyankhe dala chifukwa nkhaniyi sikanakwana m'mizere iwiri, komanso mtima unali usanatsike. Lero patha sabata, ndiye ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni zonse mwandondomeko, ngakhale ndikudziwa kuti masewerawa, a mpira wa ku America, mumawatcha ndewu ya anthu ovala zipewa zachitsulo olimbirana mpira wonga papaya.

Tsiku limene inu munkaonera Cameroon ikuchokera kumbuyo n'kugonjetsa Egypt 2–1 ku Libreville, pa 5 February, ndi lomwelo limene timu yathu ya Atlanta Falcons inakumana ndi New England Patriots pa bwalo la NRG ku Houston, m'ndime yotsiriza imene kuno amaitcha Super Bowl. Kuti mumvetse chimene anthu a mumzinda uno ankayembekezera, dziwani kuti timuyi inayamba kusewera mu 1966 ndipo sinatengepo chikhochi. Inafikapo m'ndime imeneyi kamodzi kokha, mu January 1999, n'kukwapulidwa ndi Denver 34–19. Chaka chino zinthu zinkaoneka zosiyana: tinagoletsa mapointi 540 m'ligi, kuposa timu ina iliyonse, tinachotsa Green Bay 44–21 pa masewera otsiriza a m'bwalo lakale la Georgia Dome, ndipo Matt Ryan, quarterback wathu, amene ndiye woponya mpira ndi wotsogolera anzake pothira nkhondo, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi usiku wa Loweruka, kutatsala tsiku limodzi.

Ndinakaonera kunyumba kwa mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya mumzinda uno. Tinalipo anthu oposa khumi m'chipinda chapansi, patebulo pali mapiko a nkhuku ndi mandasi amene ndinakazinga ndekha, aliyense atavala zofiira ndi zakuda. Pakona panakhala bambo ake a mnzangayo, nkhalamba imene yakhala ikuchemerera timuyi chiyambire, itavala jezi yakale yosuluka. Theka loyamba la masewera linali ngati maloto. Devonta Freeman anagoletsa pothamanga ndi mpira, Austin Hooper anagoletsa powakha, kenako Robert Alford anadumphira mpira umene Tom Brady, quarterback wa a Patriots, anaponyera mnzake n'kuthamanga nawo mayadi 82 mpaka kukagoletsa, Brady atagwa chafufumimba poyesa kumugwira mwendo. Popita kokapuma zinali 21–3. Titabwerako Tevin Coleman anawonjezera, zinakhala 28–3, ndipo apa m'pamene ndinatenga foni n'kukulemberani mawu aja akuti chikho chabwera kwathu. Mwini timu, Arthur Blank, naye anatsika pambuyo pake kukaima m'mphepete mwa bwalo, choncho sindinali ndekha pa uchitsiru umenewu. Munthu mmodzi yekha m'chipindamo sanaimirire. Nkhalamba ija inangoyang'ana wotchi ya pa kanema n'kunena motsitsa mawu kuti nthawi yatsala yambiri, ndipo tonse tinaiseka. Akuluakulu kwathu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, koma mwambi umenewu ndinaukumbukira madzi atandikokolola kale.

Anthu ambiri akunena kuti Brady anachita zozizwitsa, ndipo sindikukana kuti munthuyo ndi katswiri: anaponya mipira 62, mwa imeneyi 43 inafika m'manja mwa anzake, inakwana mayadi 466, ndipo ali ndi zaka 39. Koma ine ndikuti chikhochi sanatilande, tinachipereka tokha, ndipo ndikufuna muone pamene tinachiperekera. Lamulo lalikulu la masewerawa ndi lakuti timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti ipite patsogolo mayadi khumi, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso ina inayi. Wosewera akathamanga ndi mpira n'kugwetsedwa m'kati mwa bwalo, wotchi imapitirira kuyenda, koma mpira ukaponyedwa n'kugwa pansi wopanda wouwakha, wotchi imaima. Choncho amene akutsogola ndi mapointi ambiri ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa: kuthamanga ndi mpira ndi kudya nthawi. Ife tinachita zosemphana ndi zimenezi kawiri konse.

Koyamba kunali m'gawo lachinayi, lomwe ndi lotsiriza, zili 28–12, tikufunika yadi imodzi yokha pa mpata wachitatu. M'malo mompatsa mpira wothamanga kuti angodzigwetsa kutsogolo, Kyle Shanahan, mphunzitsi amene amasankha kaseweredwe ka mbali yothira nkhondo, analamula kuti Ryan abwerere m'mbuyo akaponye patali. Freeman sanamuone Dont'a Hightower akubwera cham'mbali, Hightower anamugunda Ryan, mpira unapulumuka, ndipo a Patriots anautola pafupi ndi golo lathu. Posakhalitsa Danny Amendola anagoletsa, James White anawonjezera mapointi awiri, zinakhala 28–20. M'chipindamo munayamba kumveka phokoso la firiji.

Kachiwiri ndi kamene kamandisowetsa tulo. Kutatsala mphindi zosakwana zisanu, Ryan anaponya mpira cha kumzere wa m'mphepete, pamwamba poti munthu sangafikepo, ndipo Julio Jones anadumpha, anauwakha ndi nsonga za zala thupi lonse lili kunja kwa bwalo, n'kukhudzitsa zala za mapazi onse awiri m'kati asanagwe. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero pa masewera alionse, ngakhale a mpira wathu wamiyendo. Mpira unali pa mayadi 22 kuchokera pa golo la adani. Pamalo amenewo, Matt Bryant, womenya mpira wathu wodalirika, akanangouponyera ndi phazi pakati pa mitengo iwiri ya golo n'kutipatsa mapointi atatu, kusiyana kukanakhala 11, ndipo a Patriots akanafunika kugoletsa kawiri m'nthawi yochepa kwambiri. Ngakhale Ryan akanangogwada pansi katatu, zikanatithandiza kuposa zimene zinachitika. Freeman anathamanga kamodzi n'kutaya yadi imodzi, ndipo pa mpata wachiwiri Shanahan analamulanso kuponya. Trey Flowers anamugwetsa Ryan mayadi 12 kumbuyo. Pa mpata wotsatira Jake Matthews anapezeka wolakwa pogwira mdani, woimbira anatibwezanso mayadi khumi, ndipo mpira wina woponyedwa unagwa pansi n'kuimitsa wotchi. Tinachoka pa mayadi 22 kufika pa 45, kutali koti Bryant sakanayesa n'komwe, tinabwezera mpira kwa Brady kutatsala mphindi zitatu ndi theka. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zotsatira zake ndizidutsa mofulumira chifukwa n'zowawa. Brady anayenda mayadi 91. Pakati pa ulendowo Alford yemwe uja anaukhudza mpira ndi dzanja, ukanatha kukhala wake, koma unadumphira m'mwamba n'kugwera pakati pa miyendo ya osewera athu atatu, ndipo Julian Edelman anaugwira utatsala pang'onong'ono kukhudza udzu. Anationetsa kangapo pa kanema, ndipo ulendo uliwonse ndinkayembekezera kuti mwina tsopano ugunda pansi. White anagoletsa kutatsala masekondi 57, Amendola anawonjezera awiri, zinakhala 28–28, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Super Bowl masewera anapita m'nthawi yowonjezera. A Patriots anapambana pa kuponya ndalama, anatenga mpira, anayenda mayadi 75, White anagoletsanso, ndipo zinathera pa 34–28. Malamulo a 2017 ankati timu yoyamba kukhala ndi mpira ikagoletsa touchdown, kutanthauza kufikitsa mpira kuseri kwa mzere wa golo la adani, masewera atha, choncho Ryan, wosewera wopambana onse m'ligi, anaonera mapeto ali chiimire kunja. Lamulo limeneli ndikuliona kuti si lachilungamo, koma sindingabisale kumbuyo kwake, popeza sitinayenere kufika m'nthawi yowonjezerayo.

Anyamata athu otchinga kumbuyo sindikuwaimba mlandu. A Patriots anasewera mipata 93 pamene ife tinasewera 46 yokha, ndipo mpira unakhala m'manja mwawo mphindi zoposa 40. Pofika kumapeto anyamatawo ankaoneka manja ali m'chiuno, akupumira m'mwamba ngati munthu amene walima ndime ya anthu awiri. Amene anawatopetsa ndi anzawo omwe, polephera kusunga mpira ndi kuwapatsa mpata wopuma. Chimene chinandipweteka china n'chakuti Lolemba lomwelo Shanahan analengezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa San Francisco 49ers, kutisiya ife ndi maliro. Dan Quinn, mphunzitsi wathu wamkulu, aka n'kachiwiri kulizidwa ndi anthu omwewa, chifukwa zaka ziwiri zapitazo anali ku Seattle pamene timuyo inaluza itatsala yadi imodzi, nayonso itasankha kuponya m'malo mothamanga.

White atadutsa mzere, m'chipinda muja simunamveke kulira kapena kutukwana. Wina anazimitsa kanema Brady asananyamule chikho chake chachisanu, ndipo anthu anayamba kutola mbale ngati kuti ndiyo ntchito imene anabwerera. Nkhalamba ija inadzuka pang'onopang'ono, inavula jezi yake, inaipinda bwinobwino ngati chovala cha kutchalitchi, kenako inandigwira paphewa n'kundiuza kuti tsopano ndakhala munthu wa ku Atlanta weniweni. Ndinayendetsa galimoto kubwerera kunyumba mumsewu wopanda anthu, timbendera tofiira tikupepezekabe pa magalimoto oimikidwa. Ine amene ndinabwera kuno ndikuseka masewerawa, ndikudandaula kuti amangoimaima ndiponso kuti mphindi 60 zimatenga maola atatu ndi kuposera, ndinapezeka nditakhala m'galimoto panja pa nyumba kwa nthawi yaitali, injini nditazimitsa, ndikuwerengetsa m'mutu mayadi aja kuchokera pa 22 kufika pa 45.

Ligi iyambanso mu September, ndipo timu idzakhala italowa m'bwalo latsopano la Mercedes-Benz limene akumanga pafupi ndi lakale. Mnzanga uja akuti tidzagule matikiti, ndipo ndamuuza kuti ndiganizira, ngakhale tonse awiri tikudziwa kuti ndidzapita. Pempho langa kwa inu ndi limodzi lokha, lakuti manambala aja 28 ndi 3 musawalembenso m'mauthenga anu, chifukwa kuntchito kuli kale munthu wa ku Boston, kwawo kwa a Patriots, amene akugwira ntchito imeneyo mokwanira. Jezi yofiira imene ndinalonjeza mwana wanu wamkulu ndinagula kale, ya nambala 11 ya Julio Jones, ndipo ndidzapatsira munthu woyamba wobwera kumeneko. Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa onse kunyumba.

Ndine bwenzi lanu,
wa ku Atlanta