Amakaniki, sampu sifuna mphamvu

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu ogwira ntchito m'magalaja kuno ku Johannesburg, makamaka amene amalandira magalimoto othamanga monga Golf GTI ndi BMW. Galimoto imabwera kudzangosintha oilo, koma sabata isanathe mwini wake akupeza madontho akuda a oilo pomwe amaimika. Kawirikawiri vuto limachokera m'manja mwa makaniki.

Pulagi yotsitsira oilo mu sampu (chibeseni cha pansi pa injini momwe mumakhala oilo) ili ndi wosha wa kopa kapena aluminiyamu amene amafinyika mukamanga, ndipo kufinyikako ndiko kumatseka mpata. Wakale sangatsekenso, ikani watsopano. Mangani ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa mlingo wa m'buku la galimotoyo, womwe pa injini zambiri ndi 25 mpaka 30 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira). Kulumikiza paipi ku sipanala kumangodya mazinga a sampu ya aluminiyamu. Golf 7 GTI ndiye ili ndi sampu ndi pulagi zapulasitiki, pulagiyo imasinthidwa nthawi iliyonse.

Musanamasule sampu, tsukani injini ndi brake cleaner, iyake mphindi khumi, muunike ndi tochi kuyambira pamwamba. Oilo wochucha pa gasiketi (chotsekera mpata pakati pa zitsulo) ya tapeti kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, kapena pomwe pamakhala fyuluta amatsikira pansi n'kunamizira sampu. Onaninso valavu ya PCV, yomwe imatulutsa mpweya wa mkati mwa injini. Ikatsekeka, mpweya umadzadza m'injini n'kukankha oilo ngakhale pa gasiketi yatsopano. Ndipo poti magalimotowa ndi otsika, mahampu ndi maenje a m'misewu yathu amang'ambula sampu mng'alu wochepa ngati tsitsi, umene gasiketi singauthetse.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi pa silikoni womatira sampu ku injini. Palani zakale zonse ndi chopalira chapulasitiki, chifukwa chachitsulo chimakanda aluminiyamu. Mbali zonse ziwiri ziume, pasakhale ndi kadontho komwe ka oilo. Ngati injini imagwiritsa gasiketi ya labala, silikoni amangofunika pang'ono m'makona momwe zitsulo ziwiri zakumana. Ngati imagwiritsa silikoni yekha, mzere ukhale wa mamilimita 2 mpaka 3, wosaduka, wodutsa cham'mbali mwa mabowo a mabawuti, kumbali ya mkati mwa sampu, ndipo sampu ikwere pasanathe mphindi zisanu. Wochuluka amafinyikira mkati, amanyotsoka, n'kukatseka sefa ya paipi yokokera oilo. Apo injini imafa ndi ludzu sampu ili yodzadza, ndipo zimatipweteka kuona mabering'i atapsa chifukwa cha chubu chimodzi cha silikoni.

Mabawuti ang'onoang'ono a M6 amangofuna pafupifupi 10 Nm. Yambani onse ndi zala, kenako mangani kuchokera pakati kupita kunja modumphanitsa, maulendo awiri. A aluminiyamu a pa injini ya BMW N52 sabwezeredwa, gulani atsopano. Dikirani nthawi yolembedwa pa chubu musanathire oilo, musapyole chizindikiro chapamwamba cha mlingo wa oilo, ndipo galimoto igone pa katoni yoyera usiku umodzi musanaipereke kwa mwini wake.

Ife amakaniki a ku Malawi,
Johannesburg