Kalata ya abusa: funso la Lachitatu lija, za akazi ogwidwa kunkhondo

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, madikoni, amayi a Mvano, achinyamata ndi nonse,

Moni m'dzina la Yesu Khristu. Kalata ya lero ndiyotalikirapo pepani, pezani pokhala.

Lachitatu lapitali tili pa phunziro la Baibulo ndi achinyamata timakamba za chiyero, za kudzisunga mpaka tsiku la ukwati, ndiye mtsikana wina wa fomu 4 anakweza mkono nkufunsa kuti, abusa inu mumatiuza ife kuti tizidzisunga, nanga bwanji Baibulo lomweli likulola msilikali kutenga mwana wa eni ake kunkhondo nkumusandutsa mkazi wake? M'tchalitchi munangoti zii. Wina kumbuyo ananong'ona kuti amenewo ndi mafunso a satana. Ayi ndithu, limenelo ndi funso la mwana amene akuwerenga Baibulo lake, ndipo ine ndinamuyankha mwachidule kwambiri chifukwa kunkada komanso kunena zoona linandidzidzimutsa. Ndagona nalo masiku angapo, lero ndati ndiyankhe pamaso pa nonse poti nkhaniyi ikukhudza ife akuluakulu kuposa anawa.

Malo amene amanena ndi Deuteronomo 21 vesi 10 mpaka 14. Tsegulani muwerenge nokha. Akuti ukapita kunkhondo nkupambana, ndiye pakati pa ogwidwa waonapo mkazi wokongola nkumufuna, ubwere naye kunyumba kwako, amete mutu, awenge zikhadabo, avule zovala zimene anagwidwa nazo, akhale mwezi wathunthu akulira bambo ake ndi mayi ake. Ukatha mweziwo ndi pamene akhale mkazi wako. Ndipo ukadzasiya kumufuna umusiye apite kumene akufuna, usamugulitse ndi ndalama, usamuyese kapolo, chifukwa wamuchititsa manyazi.

Kwina ndi ku Numeri 31, kumeneko ndiye kumawawa kuposa. Amuna 12,000 anapita kukamenyana ndi Amidyani, anapha mafumu awo asanu ndi Balamu yemwe, pobwerera Mose anakwiya kuti asiyiranji akazi amoyo, poti ndi iwo anakokera Aisraeli kukapembedza fano la Baala ku Peori kumene mliri unapha anthu 24,000. Analamula kuti ana aamuna ndi akazi odziwa mwamuna aphedwe, atsikana osadziwa mwamuna atsale, ndipo vesi 35 ikuti analipo 32,000. Sindithirapo shuga pamenepa abale. Aliyense mwa atsikana amenewo anali ndi dzina, anali ndi mayi. Mukawerenga mutu umenewu mtima osakupwetekani ndiye kuti mwawerenga mothamanga.

Tsono tiyambe ndi dziko limene lamuloli linalowamo. Masiku amenewo mkazi wogwidwa kunkhondo ankawerengedwa limodzi ndi ng'ombe ndi mikanda, msilikali ankachita naye zimene akufuna pompo m'thengo nkumusiya kapena kumugulitsa. Mukafuna kumva mmene anthu ankaganizira werengani Oweruza 5 vesi 30, amayi ake a Sisera, mkulu wa asilikali a Akanani, ali pa windo kudikira mwana wawo, akudzitonthoza kuti wachedwa chifukwa akugawana zofunkha, mtsikana mmodzi kapena awiri kwa mwamuna aliyense. Mayi akulankhula choncho za ana a mayi anzake ngati akuwerenga mbuzi. Ndipo tisayang'ane kutali ngati ndi za Ayuda okha. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu 1835 ankatenga anthu m'midzi imene agonjetsa, makamaka akazi ndi ana, nkuwalowetsa mu mtundu wawo, enanso anagwidwa nkutsitsidwa ku Nkhotakota kwa Jumbe, wogulitsa akapolo uja, kukawoloka nyanja osabwereranso. Agogo anga aakazi ankatiuza madzulo tikukazinga chimanga kuti agogo awo anagwidwa ali kamtsikana akutunga madzi, ndipo mpaka kufa kwawo ankati akamasinja amayimba kanyimbo ka chilankhulo chimene pamudzipo panalibe wochimva. Ambiri a ife magazi a mkazi wa pa Deuteronomo 21 ali m'mitsempha mwathu.

M'dziko lotere ndi mmene lamulo likubwera nkumugwira mwamuna dzanja. Taonani chimene likumulanda. Pompo pompo ayi, dikira mwezi. Ndipo mwezi umenewo uzimuona tsiku ndi tsiku ali ndi mpala, maso atatupa, akulira anthu amene gulu lako lomwe lawapha. Ife kumeta timakudziwa, maliro akatha abale amameta, ndiye mukhoza kuona kuti apa mlendo uja akupatsidwa ufulu wokhuza maliro a kwawo m'nyumba ya mdani. Chilakolako chimene chinayaka pa bwalo la nkhondo chipirire masiku onsewo chikumva kulira, ngati chinali cha maso chabe chizima chokha. Akamutengabe ndiye ndi mkazi wa panyumba, wosagulitsika. Ndipo mawu otsiriza aja akuloza chala mwamunayo, kuti iwe wamuchititsa manyazi. Baibulo silikumuwombera m'manja.

Aphunzitsi akale a Chiyuda ankati lamulo ili linanenedwa polimbana ndi chilakolako choipa cha munthu, ndipo anaona kuti mavesi otsatira akukamba za mkazi wodedwa pa mitala, kenako za mwana wopulukira wosamvera makolo, ngati kunena kuti ukayamba njira iyi kumathero kwake nkumeneko. Koma wotithandiza kwambiri ndi Ambuye Yesu. Pa Mateyu 19 atamufunsa za kalata yothetsa ukwati imene Mose analola, anati Mose anakulolani chifukwa cha kuuma mtima kwanu, koma pachiyambi sizinali choncho. Ndiye kuti m'chilamulo muli zinthu zina zimene ndi mpanda wotchingira ng'ombe yolusa, ndipo mpanda ukakhalapo sindiye kuti mwini khola akukondwera ndi nyanga zake. Kodi mtsikana uja anafunsidwa ngati akufuna? Lemba silikunena kuti anafunsidwa, ndipo ine sindinamizira kuti anafunsidwa. Mpandawo unali waufupi. Numeri 31 ndiye ndi chiweruzo cha nthawi imodzi pa mtundu umodzi, sichinaperekedwe kwa mpingo kuti tizitengera, ndipo ngakhale kumeneko asilikali amene anapha anauzidwa kukhala kunja kwa msasa masiku 7 akudziyeretsa, magazi anawadetsa ndithu. Amene anaba atsikana 276 pa sukulu ku Chibok ku Nigeria mu 2014 ankatchula dzina la Mulungu, ndipo aliyense wotsegula buku loyera kuti apezemo chilolezo chotere, kaya ndi wa chipembedzo chanji, akunamizira Mulungu.

Pali nkhani ina imene sitiilalikira kawirikawiri, 2 Mbiri 28. Asilikali a Israeli anagwira anthu 200,000 a ku Yuda, akazi ndi ana, akubwera nawo ku Samariya. Mneneri Odedi anawachingamira pa njira nkuwadzudzula, akuluakulu ena a Efraimu anaimanso naye, mapeto ake anatenga zovala pa zofunkha zomwezo nkuveka amaliseche, kuwapatsa nsapato, chakudya, madzi, kuwadzoza mafuta, ofooka kuwakweza pa abulu mpaka ku Yeriko kwa abale awo. Imeneyo ilinso m'Chipangano Chakale chomwecho. Nayenso kamtsikana kaja ka m'nyumba ya Namani kanali kogwidwa kunkhondo, koma ndi pakamwa pake pamene Mulungu anadutsira kuti kazembe wa khate achire.

Tsopano ndibwere pakhomo pathu, poti apa ndi pamene kalatayi yagona. Ife tikati chiyero timathamangira kuyeza masiketi a atsikana ndi kuwerenga miyezi ya mimba ukwati ukachitika. Koma ndime imene mwana uja anafunsa ikuyang'ana mwamuna amene ali ndi mkazi m'manja mwake, mkazi wopanda kothawira, nkufunsa kuti uchita naye chiyani. Ife nkhondo ya mikondo tilibe koma ogwidwa ali m'nyumba zathu. Mtsikana wantchito amene munakamutenga kumudzi, amagona pa mphasa ku khitchini, ndalama ya basi yobwerera kwawo alibe, foni alibe. Mwana wamasiye wa malemu achimwene amene mukumulipirira fizi. Mlamu wamng'ono amene anabwera kudzathandiza mayi atachira. Mayi wofuna ganyu kapena ngongole. Onsewa kunena kuti ayi kumawadyera nsima, ndipo bambo amadziwa zimenezo bwino lomwe.

Ndiulule tchimo langa. Pa mpingo wina umene ndinatumikirako ndili wachinyamata, mtsikana wantchito anapezeka ndi pathupi, tinamuyitana ku bwalo la akulu, anakhala pa benchi yekha atazolika, akupotokola nsonga ya chitenje, ife amuna asanu ndi awiri tamuzungulira. Tinamufunsa mwini mimba, anangolira. Tinamuyika pa chilango, mawa lake anakwezedwa minibasi ndi kachikwama ka pulasitiki. Tonse m'chipindamo timadziwa nyumba imene amagwira ntchito ndipo tonse timaganiza dzina limodzi, koma bambowo anali othandiza kwambiri pa chitukuko cha tchalitchi, Sabata lotsatira anakhala kutsogolo pa mgonero ndipo ine ndi dzanja langali ndinawapatsira mkate. Msilikali wa nthawi ya Mose ankaletsedwa kutaya mkazi ngati katundu, ife a pangano latsopano tinachita zochepera pamenepo. Nkhope ya mwana ameneyo sinandichoke.

Paulo pa 1 Atesalonika 4 akuti chifuniro cha Mulungu ndi chiyeretso chathu, kuti tipewe dama, ndipo pomwepo akuwonjezera kuti wina asapondereze kapena kunyenga m'bale wake pa nkhani imeneyi chifukwa Ambuye ndi wobwezera. Achinyamata, za kudzisunga sindikubweza ngakhale liwu limodzi, dzisungeni, anyamata ndi atsikana mofanana. Koma abambo, Yesu pa Mateyu 5 anayambira pa diso lathu, chovala cha mkazi sanachitchule nkomwe.

Choncho ndapempha akulu ampingo kuti tigwirizane zinthu izi. Mtsikana akabwera ku bwalo pazikhala amayi a Mvano awiri pambali pake, ndipo mlandu usathe mwamuna asanaitanidwe, kaya ndi ndani. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, amene malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amamutcha mwana, kapena ngati anakakamizidwa, imeneyo si nkhani yokambirana kuseri ndi mbuzi ya chipepeso, tidzaperekeza ku polisi ndi kuchipatala ife tomwe. Ndipo wogwiriridwa sayikidwa pa chilango, sanachimwe.

Amene kalatayi yakutokosani bala lakale, khomo la ku manse ndi lotsegula, mukhoza kuyamba mwaonana ndi mayi busa ngati kulankhula ndi ine kukuvutani. Abambo tonse tikumane Loweruka 2 koloko masana m'tchalitchi, bwerani ndi Mabaibulo, tiwerenga Deuteronomo 21 ndi 2 Samueli 11 mpaka 13. Iwe mwana wanga unafunsa funso uja, zikomo, Lachitatu ubwerenso ndi lina.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
M'busa wanu