Ma CDSS athu azidziwa komwe ana a self-boarding akugona

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi pa nkhani ya ma sekondale oyendera, ma CDSS, kuno ku Mangochi. Ine ndi mayi wa geni ya usipa, ndimagula kudoko nkuyanika pa thandala kenako nkukagulitsa, komanso ndakhala mu mother group, gulu la amayi loyang'anira atsikana apasukulu, zaka zingapo ndithu ndiye zomwe ndikunenazi sizongomva kwa anthu ayi.

Ndikulera mwana wa achemwali anga omwe anatisiya. Atakhoza sitandade 8 anasankhidwira ku CDSS ina yomwe sinditchula dzina, ndipo kuchokera kwathu kukafika kumeneko wapansi ndi maola awiri kuposa, kabaza tsiku ndi tsiku sindikanakwanitsa. Ndiye tinachita zomwe makolo ambiri kuno amachita, tinamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukuluyo, azikhala ndi anzake awiri, zomwe amati self-boarding zija. Lamulungu lililonse amanyamula ufa, nyemba pang'ono, usipa ndi makala, basi ulendo. Kachipindako chitseko chake chamalata chotsekera ndi msomali wopinda, kuseri kwake kuli malo oonetsera kanema komwe anyamata ochokera kunyanja amachezera mpaka usiku ndalama zili m'thumba.

Mu fomu 2 mnzake mmodzi anatenga mimba. Sanali mwana wopulupudza, ine ndimamudziwa bwinobwino, kungoti kwawo ufa unkafika mochedwa ndipo akakhala masiku awiri osadya wina wobwera ndi nsomba komanso ka 2000 kwacha amaoneka ngati mpulumutsi. Chomwe chinandiwawa kwambiri nchakuti mwanayu anajomba pafupifupi masabata atatu koma kusukulu palibe amene anafunsa kuti ali kuti, makolo ake akuganiza kuti ali kusukulu, aphunzitsi akuganiza kuti ali kwawo. Nditapita kukaonana ndi akuluakulu a pasukulupo anandiyankha mwaulemu ndithu, koma yankho lake linali lakuti iwo amayang'anira ana kuyambira mmawa mpaka poweruka, za kunja kwa mpanda ndi za makolo.

A Mkonzi, ine yankho limeneli ndikulikana. Sukulu imadziwa midzi yomwe ana ake achokera, imadziwa kuti ilibe hostel, imadziwa kuti mwana wa zaka 14 sangayende mtunda wonsewo kawiri patsiku nyengo yotentha ngati ya Okotobala kuno kunyanja. Ndiye ikamulandira mwanayo, yalandiranso funso lakuti agona kuti. Makolo tili ndi mbali yathu, sindikukana, koma ife tili kutali, amene amamuona nkhope mmawa uliwonse ndi mphunzitsi.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi athu ali pa chintchito. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 ana anachuluka zedi, ndipo ma CDSS ambiriwa anali ma MCDE, malo a maphunziro apatali aja, omwe anangosinthidwa dzina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, opanda hostel, ena opanda labu ngakhale laibulale. Mphunzitsi mmodzi maphunziro atatu, nyumba yake nayenso ya lendi. Koma zomwe ndikupemphazi sizofuna ndalama za boma. Kope limodzi lokha, lolembamo dzina la mwana aliyense wa self-boarding, nyumba yomwe akukhala, mwini nyumbayo ndi nambala ya foni ya kholo kapena ya amfumu a kwawo. Mwana akajomba masiku atatu foni ilire. Mphunzitsi wamkazi mmodzi pamodzi ndi ife a mother group tiziyendera zipindazo kamodzi pamwezi, ndipo a hedi, a PTA ndi amfumu aitane eni nyumba za lendi awauze poyera kuti chipinda chopanda loko, chopanda chimbudzi, chogundana ndi bala, mwana wasukulu asalowemo. Masheikh ndi abusa akumva nkhanizi mmizikiti ndi mmatchalitchi, aitanidwenso, sangakane.

Ndipo za mwana amene watenga mimba, ndondomeko yoti abwerere kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, komanso kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati ukwati ndi zaka 18 kupita mtsogolo. Koma ndani amawauza makolo akumudzi zimenezi? Mayi ake a mtsikana uja anadzamva kwa ine kuti malo a mwana wawo sanathe, iwo anali atayamba kale kukambirana za banja ndi akuchimuna. Sukulu ikanangotuma munthu mmodzi kukawafotokozera bwenzi zinthu zitaphweka.

Anyamata nawonso tisawaiwale, ambiri usiku ali pa bwato mmawa akusinza mkalasi, ena mtima uli ku Joni chifukwa achimwene awo anabwerako ndi njinga yamoto. Kumukwapula kapena kumupatsa chibalo chokumba dzenje sikumuchotsera maganizo amenewo, koma kukhala naye pansi mwina.

Chinanso nchakuti sukuluzi zisamadzipatule kwa anthu ozizungulira. Njerwa za midadada yambiri tinaumba ndife, mchenga ndi madzi tinatuta pamutu ndife, koma tikaitanidwa kusukulu ndiye kuti pali chopereka kapena mwana walakwa. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inativuta kwambiri kuno ku Mangochi, ine ndinkayembekeza kuona ana a fomu 3 ndi fomu 4 ali ndi alangizi a zaumoyo kudoko ndi kumsika akuphunzitsa anthu kuthira kolorini mmadzi komanso kusungunula Thanzi ORS, poti zimenezi amaphunzira mu biology. Chimodzimodzi likodzo, mpaka lero alipo makolo amene mwana akamakodza magazi amati wakula, osadziwa kuti ndi tizilombo tochokera mu nkhono za mmadzi odekha mmbali mwa nyanja ya Malawi, Malombe ndi mtsinje wa Shire, komanso kuti mankhwala ake alipo kuchipatala. Mwana wa sekondale akalankhula zimenezi mChiyao kapena mChichewa kwa azakhali ake zimamveka kuposa chikwangwani. Ndipo anthu akaona phindu la sukuluyo ndi maso awo, ndi omwewo amene adzathamangitse bambo amene akuzungulira zipinda za atsikana usiku.

Mtsikana uja anabereka bwino, ndipo ife a mother group tikuyesetsa kuti abwerere akamalize mpaka alembe MSCE, agogo ake avomera kutsala ndi khanda. Wanga uja ndinamusamutsa, pano akukhala kwa mayi wina wachikulire yemwe ndimamupatsa ndowa ya usipa mmalo mwa lendi. Teremu ikubwerayi ndipitanso kusukulu kuja, kope ndagula kale ndi ndalama yanga, ndikungopempha a hedi kuti andipatse mphunzitsi mmodzi woti tiyambe naye kulemba mayina.

Mayi wokhudzidwa,
Mangochi